Vanishi Wosauma

Gitala ya Kansambo inathyoka masana dzuwa likuswa mtengo, kuseri kwa kalasi, pamaso pa anyamata onse a mpira. Anaithyola ndi msuweni wake, Phokoso. Anali ataisolola m'chikwama osapempha, n'kukwera nayo pa tebulo lakale lotayidwa panja kuti aonetse anzake mmene amavinira oimba a pa kanema. Tebulolo linali la miyendo itatu. Linapendama, Phokoso anagwa chagada, ndipo pansi pake panamveka kuti phwaa!

Pamene Kansambo amafika akuthamanga, n'kuti zonse zitatha. Chivundikiro cha bokosi la gitalayo chinali chitang'ambika pakati, mpini utazuka, nsambo zake zitatu zitapotana. Mtsikanayo anagwada pa fumbi n'kuyamba kutola zidutswa.

Phokoso anadzuka akudzisasa. Anayang'ana zidutswazo, nayang'ana msuweni wake, milomo yake n'kugwedera ngati akufuna kunena kanthu. Koma mnzake wina atakuwa kuti, "Wapalamula lero!" iye anatembenukira kwa anyamata aja n'kuseka chikhakhali.

"Aa, osandiyang'ana choncho iwe! Si kabokosi ka fodya chabe aka? Ndiye ulire ngati kwagwa maliro?"

Anyamata onse anafa nacho chiseko. Kansambo sanalire. Anakulunga zidutswa zija m'juzi yake, naimirira, nayang'ana Phokoso m'maso.

"Udzandiona," anatero motsitsa mawu, n'kumapita.

Kabokosi ka fodya, inde. Koma kabokosiko kanali ndi mbiri yake. Bambo a Kansambo, asanamwalire, ankagwira ntchito yoperekera zakudya m'hotela. Tsiku lina mlendo anasiya m'chipinda bokosi lathabwa lopanda kanthu, lija amasungiramo ndudu zikuluzikulu za fodya. Linali lopepuka, lonunkhira, ndipo pa chivundikiro pake panamatidwa chithunzi cha mbalame yofiira. Bambowo anabwera nalo kunyumba, naboola pakati, nalumikiza mpini, nakoka nsambo zitatu. Zaka zonse zimene anakhala ndi moyo ankaiimba akaweruka, mpaka pamene pankatsamira chikhatho chawo panada n'kusalala ngati mpini wa khasu lakale. Mwana wawo ankakhala pa miyendo pawo n'kumakodola nsambo ndi kachala, ndipo dzina loti Kansambo linachokera pomwepo. Bambo atapita, mtsikanayo akawasowa ankaika mphuno pa bowo la gitala n'kukoka mpweya. Fungo la thabwa ndi fodya lija linali fungo la malaya awo.

Chimwalirireni bambo, Kansambo ndi mayi ake ankakhala m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya amalume, bambo ake a Phokoso, amene anali kalipentala. Madzulo a tsikulo amalume anayala zidutswa zija pa benchi ya m'shedi, nazitembenuza uku ndi uku, napukusa mutu.

"Gitala ya alamu anga! Iwe mnyamata, m'mutu mwakomo muli ubongo kapena utuchi?"

"Sindinachite dala," anatero Phokoso atazyolika.

"Ndiye wamuuza chiyani msuweni wako?"

"Ndamuuza kuti sindinachite dala."

Kansambo anadikira. Ankafuna liwu limodzi lokha, lalifupi, limene ngakhale mwana woyamba kumene kuyankhula amalitha. Koma Phokoso, amene pakamwa pake sipankatseka chiyambire m'mawa, liwu loti pepa linamukanika. Amalume anaika zidutswazo pa shelefu ya pamwamba, nati adzaona ngati n'zotheka akamaliza zitseko za anthu.

"Chibale ndi fupa, mwanangu, sichiola," anatero mayi a Kansambo akumusisita pa msana.

Mumtima Kansambo ankati fupa silioladi, koma limathyoka, ndipo akanakonda kuti lithyoke la Phokoso.

Kuyambira tsiku limenelo mtsikanayo anasunga chakukhosi, ndipo ankachisamala kuposa mmene ankasamalira makope ake. M'kalasi aphunzitsi akamafotokoza masamu, iye ankakhala akuphika mapulani. Anaganiza zoboola mpira wa Phokoso ndi msomali, koma mpira amamata. Anaganiza zomuthirira madzi m'nsapato, koma nsapato zimauma. Anaganiza zokamunenera kwa ahedi kuti amathawa pa chipata nthawi yopuma, koma Phokoso zilango anali atazizolowera ngati mvula ya m'dzinja. Zonsezi zinali zazing'ono. Kansambo ankafuna chinthu chimene chidzamupweteke mnyamatayo pomwe pankamupweteka iye, ndiponso pamaso pa anthu.

Kenaka zinthu ziwiri zinachitika motsatizana. Amalume anapeza ntchito yokaika zitseko ndi mawindo pa nyumba ina yomangidwa kumene kutali, ndipo ananyamuka atasiyira Phokoso kiyi wa shedi. Mnyamatayu m'kalasi anali womalizira, koma pa thabwa manja ake anali ena. Bambo ake ankamukhulupirira pa sowo ndi pulena, ngakhale kuti za kupaka sanali atayamba kumuphunzitsa. Chachiwiri n'chakuti aphunzitsi a nyimbo analengeza mpikisano wa zoimbira zopanga okha ophunzira, wodzachitika potsekera sukulu.

"Amene akufuna kulowa adzandipeze ku ofesi," anatero aphunzitsiwo.

Phokoso anakweza dzanja. "Ine ndibwera, aphunzitsi. Ndibwera ndi gitala ya bokosi."

Kalasi yonse inaseka, pakuti mawu a Phokoso poimba ankathawitsa ndi nkhuku zomwe.

"Musiyeni," anatero wina kumbuyo. "Ukaipa dziwa nyimbo!"

Kansambo yekha ndiye sanaseke. Gitala ya bokosi! Munthu wathyola ya mnzake, ndiye akufuna akaime pa nsanja ndi yake yatsopano, anthu azikamuombera m'manja, mwini luso atakhala pansi manja ali m'khwapa. Atafika kunyumba analunjika ku shedi kuti akatenge zidutswa zake, azisunge yekha. Anakwera pa mpando, napapasa pa shelefu. Panali fumbi lokhalokha.

"Zidutswa zanga zili kuti?" Kansambo anamufunsa Phokoso atangolowa.

Mnyamatayo anayang'ana kumbali, nakanda m'mutu. "Zinyalala zija? Kaya. Mwina zinapita ndi utuchi posesa."

Kansambo sanamumenye, sanamutukwane. Anatsika pa mpando pang'onopang'ono n'kutuluka, ndipo amene akanaona nkhope yake akanadziwa kuti kukubwera mvula yamatalala.

Kuseri kwa shedi kunali kachipinda koumitsira mipando yopakidwa kumene, kotsekedwa bwino kuti fumbi lisalowe. Phokoso anasamutsira ntchito yake mmenemo. Akaweruka ku sukulu ankadzitsekera, ndipo potuluka ankakhoma loko n'kuika kiyi m'sokosi. Ngakhale ku mpira anayamba kujomba. Kansambo akamachapa mbale pa mpopi ankamva sandipepa akulira, kwee kwee kwee, ndi fungo la guluu likutuluka pa kawindo.

Tsiku lina masana anamva nsambo ikulira. Inalira kamodzi, kenaka kawiri, kenaka zonse zitatu pamodzi. Mbale inamupulumuka m'manja. Mawuwo anali ozama, otsekemera, ofanana zedi ndi a gitala ya bambo ake. Misozi inalengeza m'maso mwake, koma inali misozi ya ukali. Wakuba ameneyu, anatero mumtima, wayeza bokosi la bambo anga asanalitaye, mpaka waba ndi mawu omwe.

Mawa lake Phokoso anamuitana. Aka kanali koyamba kumuyankhula mwaulemu chithyokereni gitala.

"Asuweni, tabwerani kuno pang'ono. Ndikufuna nzeru."

"Nzeru zachoka kuti kwa mwini zinyalala?"

"Aa, iwenso! Tangobwera."

Pa benchi anali atandandalika zinthu zinayi: chitini cha vanishi woderako, kachitini ka penti wobiriwira, botolo la mafuta opaka matabwa, ndi chibulumwa cha phula la njuchi.

"Ntchito yonse ndamaliza, kwatsala kupaka," anatero Phokoso akusisita manja pa kabudula. "Penti ndikuona ngati abisa thabwa. Zinazi sindikudziwa. Adadi kulibe, ndipo iwe unkakhala pafupi ndi bambo ako. Iwo ankapaka chiyani pa gitala ija?"

Kansambo ankadziwa bwino lomwe. Anawaona bambo ake m'maganizo, atakhala pa khonde ndi kansanza koyera, akudontheza mafuta a matabwa madontho ochepa chabe, akusisita mpaka thabwa litamwa, n'kulisiya lipume. Likauma ankapaka phula pang'ono n'kupukuta mpaka dzanja litatentha. "Thabwa lopyapyala limayankhula chifukwa limanjenjemera," ankatero. "Ukaliveka chijasi cholemera cha vanishi, limatseka pakamwa. Vanishi ndi wa zitseko, mwanangu. Apa pamafunika dontho ndi kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mtsikanayo anayang'ana botolo la mafuta, nayang'ana phula. Kenaka analoza chitini chachikulu.

"Vanishi," anatero.

"Zoona? Koma ija sinkanyezimira chonchi ayi."

"Inali itakalamba. Ili yatsopano inkawala ngati galasi. Upake wambiri, osaumira. Kunja, m'mphepete, ndi mkati momwe."

"Mkati momwe?"

"Ukufuna mawu kapena sukufuna? Ngati ukudziwa kale, wandiitaniranji?"

"Basi, basi, ndamva. Zikomo, msuweni." Phokoso anamwetulira ngati mwana wopatsidwa switi. "Udzaona. Udzadabwa."

"Ndidzadabwadi," anatero Kansambo.

Bodzalo linali lokwanira kupha mawu a gitala. Koma mtima wolipsira sukhuta msanga. Kansambo anaganiza kuti ngakhale gitalayo itakhala yosalankhula, idzakhala yonyezimira, ndipo anthu ena amaombera m'manja chilichonse chowala. Ndiye anakumbukira zimene anachita ali wamng'ono. Pofuna kutsanzira bambo ake, anapaka mafuta ophikira pa kampando kake. Kampandoko sikanaume. Kanakhala konata mwezi ndi mwezi, kakukoka fumbi ndi nyerere, kenaka kanayamba kununkha. Bambo anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati mafuta a m'khitchini sauma pa thabwa, amangolowa n'kukhala.

Loweruka m'mawa mayi ake a Phokoso anamutuma mnyamatayo ku msika. Kachipinda kanali kokhoma, koma shedi anaiwala kukhoma, ndipo chitini cha vanishi chinali pa benchi, bulashi yatsopano ili pambali. Kansambo analowa m'khitchini mwa mayi ake, nathira mafuta ophikira m'kapu mpaka kudzaza, nawoloka bwalo ataibisa m'nsalu yopukutira mbale. Anatsegula chitini ndi msomali. Mafuta analowa mwakachetechete, ndipo atatakasa ndi kamtengo, palibe akanadziwa. Anatseka, napukuta m'mphepete, nabwerera kukasesa. Tsiku limenelo anasesa akuimba, mpaka mayi ake anasuzumira pa windo n'kuyamika kuti mwana wawo wayamba kuiwala.

Masiku otsatira anali okoma kwa Kansambo. Ndinene zoona, anali okoma kwambiri, ndipo ankawatafuna pang'onopang'ono kuti asathe msanga. Phokoso anapaka vanishi Loweruka lomwelo n'kutuluka akuimba mluzu. Lamulungu anatuluka m'kachipinda akununkhiza zala. Lolemba zala zake zinkamatirira ku kope, ndipo mluzu unali utatha. Anatsegula kawindo kuti mphepo ilowe, ndiye mphepo inalowa ndi utuchi wake. Pa chakudya ankangotosa m'mbale, mayi ake n'kumamugwira pa chipumi kuona ngati wadwala malungo. Phokoso amene ankasokosa bwalo lonse anakhala zii.

Pomaliza anamupeza Kansambo akuyanika zovala.

"Msuweni, vanishi amatenga nthawi yaitali bwanji kuti aume?"

"Bwanji, wako sakuuma?"

"Akungonata. Ndikakhudza, chala chikutsalira."

Kansambo anakung'untha malaya, nawapachika pa chingwe, nawakonza bwinobwino. Ankaona maso a mnyamatayo atafiira, ndipo penapake mkati mwake kamawu kanati, basi, zakwana. Koma anakumbukira chikhakhali chija kuseri kwa kalasi, ndi liwu loti zinyalala.

"Ndiye kuti unaumira," anatero. "Woyambayo anachepa. Pakanso wina pamwamba, wochindikala. Ameneyo ndiye amakoka mnzake kuti aume."

Phokoso anathamangira ku shedi. Kansambo anabisa nkhope m'chinsalu chonyowa kuti kuseka kwake kusamveke. Ankaona kale tsiku la mpikisano: Phokoso ali pa nsanja, gitala itamatirira ku malaya, nsambo zikulira ngati chule wa chimfine, holo yonse ikugubuduka ndi phwete. Pamenepo iye adzaimirira, adzamuyang'ana, ndipo adzati, si kabokosi ka fodya chabe aka?

Amalume anabwera kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike. Anatsitsa chikwama cha zida, namwa madzi, nalowa m'shedi mwawo. Posakhalitsa mawu awo anamveka mpaka ku msewu.

"Chikununkha muno n'chiyani? Iwe! Bweretsa kiyi wa kachipindaka!"

Amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha ndithu. Kansambo anasiya mpunga umene ankasankha n'kuthamangira ku shedi. Sakanalola kuti chionetsero chotere chimupite. Mayi ake ndi mayi a Phokoso anabwera pambuyo. Anapeza mnyamatayo akuvula sokosi, mpaka kiyi anagwa pansi. Amalume anatsegula loko n'kukankha chitseko.

Gitala inali pa tebulo, itagonekedwa pa timitengo tiwiri. Inali yonyansa kuposa mmene Kansambo ankalotera. Vanishi anali atayenderera m'mbali n'kuundana ngati phala losapsa. Utuchi, tsitsi la bulashi ndi ntchentche zakufa zinali zitamatirira paliponse. Kumwetulira kunayamba kubwera pa milomo ya mtsikanayo.

Kenaka anaona mbalame.

Inali pa chivundikiro, pansi pa zonata zija. Pepala lake linali litamwa mafuta n'kutupa, kufiira kuja kutasanduka kwa dothi, phiko limodzi litamatuka. Koma inali mbalame yomwe ija. Pansi pake panali mzere woonda kwambiri pomwe thabwa linang'ambika, wolumikizidwa mwaluso moti munthu akanafunika kuwerama kuti auone. Mpini unali wakale womwe uja, utabwezeredwa m'malo mwake. Ndipo pakona, pansi pa vanishi ndi ntchentche, panali podera paja pamene pankatsamira chikhatho cha bambo ake.

Kansambo anagwira chitseko.

"Ndimafuna ndikupatse mawa m'mawa," anatero Phokoso. Mawu ake anali osweka, ndipo misozi inkatsika osaipukuta. "Sindinataye ayi. Ndimangofuna udzadabwe. Dzina limene ndinakalembetsa kwa aphunzitsi ndi lako, ine kuimba ndingakuthe? Inalira bwino, msuweni, ndikulumbira, inalira ngati kale ndisanapake. Ndiye ndaiononganso kachiwiri. Pepa. Pepa kwambiri."

Liwu lija linafika. Kansambo anali atalidikira nthawi yonseyi, ndipo litafika linamuwotcha ngati khala la moto.

Amalume anakodola nsambo imodzi ndi chikhadabo. Inangoti bu, n'kutha pomwepo. Anasuzumira pa bowo, naona kuti ndi mkati momwe mwapakidwa.

"Anakuuza ndani kuti upake vanishi pa thabwa lopyapyala chonchi? Mpaka mkati! Ichi ndi chitseko?"

Phokoso anayang'ana pansi. Sanatembenukire kumene kunaima msuweni wake ngakhale pang'ono.

"Ndinangoganiza ndekha," anatero.

Amalume anatenga chitini, naviika chala, natikita ndi chinzake, nanunkhiza. Nkhope yawo inasintha.

"Muno muli mafuta ophikira. Iwe, unathira mafuta ophikira mu vanishi wanga?"

"Ayi, adadi! Sindinathiremo kanthu!"

"Ndiye athira ndi makoswe? Kiyi anali ndi ndani? Kuthyola wathyola, kuononga waononga, ndiye ukufuna uwonjezere bodza?" Anatambasula dzanja. "Bweretsa ndi kiyi wa shedi yemwe. Kuyambira lero phazi lako lisapondenso muno. Sowo, pulena, ngakhale msomali, usadzakhudzenso. Masewera ako ukachitire ku mpira."

Aliyense pa bwalopo ankadziwa kuti shedi inali malo okhawo pamene mnyamatayo sankatchedwa mbuli. Phokoso anapisa m'thumba, natulutsa kiyi, nayamba kumupereka.

Apa ndiye panali pamene Kansambo ankafuna. Phokoso anali atapwetekedwa penipeni, pamaso pa anthu, ndipo palibe amene ankamuganizira iye. Chimene chinkafunika n'kungokhala chete. Anayang'ana dzanja la msuweni wake. Zala zake zinali ndi mabala a sandipepa, ndipo m'zikhadabo munali guluu wouma.

"Amalume," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza. "Amalume, musamulande kiyi. Vanishi ndinamuuza ndine. Ndinkadziwa kuti adadi ankapaka dontho la mafuta ndi phula, koma ndinamunamiza. Mafuta ophikira ndinathiranso ndine. Ndipo atandiuza kuti sakuuma, ndinamuuza kuti apakenso."

Mayi a Kansambo anagwira pakamwa.

"Iwe mwana iwe," anatero mayiwo. "Ndiye kuimba kuja posesa kunali kumeneku?"

Phokoso anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali tong'o. Kansambo ankayembekeza kuti amutukwana, ndipo akanakonda kuti atero. Koma mnyamatayo anangofunsa motsitsa, "Chifukwa chiyani?"

"Ndimaganiza kuti ndi yako," anayankha Kansambo. Atamva mmene yankholo linamvekera m'makutu mwake, analira kulira kumene sanalire tsiku lija kuseri kwa kalasi.

Amalume sanakalipe. Anabweza dzanja lawo, nakhala pa mpando mwa phee, nayang'ana gitala ya alamu awo.

"Vanishi timapala," anatero pomaliza. "Ameneyo ali pamwamba. Koma mafuta alowa m'thabwa, ndipo alowa nthawi yaitali. Amenewo satuluka, mwana wanga. Ngakhale ine sindingawatulutse."

Mpikisano unachitika mawa lake iwo kulibe. Anapambana ndi mnyamata wina wa ng'oma ya chigubu. Nthawi imeneyo Kansambo ndi Phokoso anali atakhala pa benchi moyang'anizana, aliyense ali ndi kachidutswa ka galasi, akupala pang'onopang'ono monga anawaonetsera amalume. Anagwira ntchitoyo tchuthi chonse, osayankhulana zambiri. Mbalame inachoka tsiku loyamba lomwe, inangomatuka ngati khungu la pa chilonda. Atafika pakona paja, Phokoso anaima.

"Apa pala ndiwe," anatero.

Kansambo anayesa kupala mopepuka, kuti achotse zonata zokha. Koma vanishi anali atagwirana ndi thabwa, ndipo podera paja panachoka limodzi naye. Anaona tizidutswa takuda tikugwera pa miyendo pake, ndipo pamene panali chikhatho cha bambo ake panatsala thabwa loyera, lachilendo.

Atamaliza, amalume anapatsa Kansambo chibulumwa cha phula ndi kansanza koyera. Anapaka pang'ono, napukuta mpaka dzanja litatentha. Phokoso anakoka nsambo zatsopano, nazichuna, namupatsa gitala ndi manja awiri.

Kansambo anaimba nyimbo imene bambo ake ankakonda akaweruka. Gitala inalira, koma mawu ake anali olemera ndi aafupi, ngati munthu woyankhula ali kuseri kwa chitseko. Amalume anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chinthu pa shelefu chimene sichinasowe.

"Ikumveka ndithu," anatero Phokoso. "Kwa ine ikumveka bwino."

"Bodza sulitha, msuweni," anatero Kansambo. "Usiyire ife akatswiri."

Anaseka pang'ono onse awiri. Kenaka mtsikanayo ananyamula gitala, natseka maso, naika mphuno pa bowo monga ankachitira kale. Anakoka mpweya kamodzi, nakokanso kachiwiri mwamphamvu, kufunafuna fungo la malaya a bambo ake.

Munkanunkha mafuta ophikira.